Butchala ya Alamu pa Thebulo la Che Haruni

Teni koloko ya m'mawa inawapeza Che Haruni ali padenga, akupukuta fumbi pa sola ndi malaya akale. Magetsi anali atathima kuyambira m'bandakucha, monga amachitira kuno ku Maglas, komboni ya mgodi m'tauni ya Zvishavane ku Zimbabwe, ndipo m'nyumbamo mwana wawo Nadia anali ataweramira laputopu pa thebulo lodyera. Laputopuyo batire lake linafa kalekale. Imayaka pokhapokha ikalumikizidwa ku inveta, ndipo invetayo imakoka moto ku batire lalikulu la lole limene limakhala pansi pa thebulo lomwelo, litafunditsidwa chiguduli.

"Baba, zvakwana! Tsikani, mugwa!" Nadia anakuwira pawindo.

"Ndagwira ntchito pansi pa nthaka iwe usanabadwe, ndiye ndigwe pa kadenga aka? Kagetsi ka inveta kakuti bwanji?"

"Kobiriwira."

"Nanga ukudikira chiyani? Yamba."

Ntchito imene Nadia amayamba tsikulo ndiifotokoze mmene anandifotokozera ine, poti nyumba zathu ndi za khoma limodzi ndipo mwana wanga Sande amakonda kukwawira kwawoko. Nadia anaphunzira za makompyuta ku koleji ku Gweru, ndipo luso lake ndi lomanga mawebusaiti, masamba aja a pa intaneti amene sitolo imaonetsapo katundu wake ndi mitengo. Webusaiti imakhala pa kompyuta yaikulu ya kutali yotchedwa seva, ndipo ukafuna kusinthapo ngakhale chilembo chimodzi umayenera kulowa pa intaneti, data ikupsa. Koma pali njira ina. Umaika seva yaing'ono m'kati mwa laputopu yako momwemo. Umaikanso databesi, imene ili ngati nkhokwe yosungiramo mawu onse ndi mitengo yonse. Pamwamba pake umaika pulogalamu yokonzera masambawo, yoti ngakhale mwini sitolo azitha kusintha yekha mtengo wa katundu. Zitatuzi zikamvana, webusaiti yonse umaimangira pakhomo popanda intaneti, ndipo palibe wina amaiona koma iwe wekha. Ikatha, ndi pamene umapita nayo kutauni kukaikweza pa seva yeniyeni kuti dziko liione.

Nadia anali atanena poyera onse ali pa chakudya. Zikatheka, akhala ku Maglas ndi makolo ake n'kumagwirira ntchito pakhomo. Zikakanika, abwerera ku Gweru kwa malume ake, Che Omar, kumene intaneti siduka. N'chifukwa chake munthu amene anali asanakhudzepo kompyuta chibadwire anali padenga m'mawa umenewo.

Che Haruni anabadwira m'komboni momwe muno. Bambo awo anachokera ku Machinga, anabwera kudzakumba asibesitosi, ndipo sanabwererenso. Che Haruni eni akewo ku Malawi sanapondeko, koma Chichewa chawo n'chokoma kuposa cha ife tonse pa mzere uno, ndipo akapsa mtima amathiramo Chilapalapa cha pansi pa mgodi. Kumgodiko anali munthu wa mapampu, wotulutsa madzi kuti anzake asamire. Mgodi utaima, ena anathawira ku Joni, ena anapeza malo ku mgodi wa pulatinamu, ena anakwera m'mapiri kukasaka golide, amene timawati makorokoza. Iwo anatsala. Anazika chitsulo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kukonza mapampu a makorokoza aja, masitovu, majenereta, ngakhale maambulera akavuta. Munthu wake ndi wamfupi, wamapewa, wa chisoti choyera chimene m'mphepete mwake simutha girisi. Sabwereka chida cha mnzawo, satukwana mwana wa munthu, ndipo Lachisanu amafika kumzikiti anzawo asanasambe n'komwe. Vuto lawo ndi limodzi, ndipo komboni yonse imalidziwa: akamva dzina la mlamu wawo, nkhope imachita ngati aluma ndimu.

Che Omar ndi achimwene a mkazi wawo Hajira, amene akuluakulu amamutchula kuti Abiti Isake. Ali ndi butchala ya nyama ya halali ku Gweru. Nthawi imene zinthu zinathina, Nadia atangomaliza pulayimale, Che Omar anatulukira pa galimoto n'kunena kuti, "Mwambo wa kwathu, mwana wa mlongo wanga ndi mbumba yanga. Ndimutenga akaphunzire."

"Kwanu kwake kuti, alamu?" anayankha Che Haruni. "Inu ndi ine tinabadwira chipatala chimodzi cha mgodi. Kuno ku Zimbabwe mwana ndi wa bambo ake."

Koma m'nyumba munali mouma, ndipo mwana anapita. Anapita akulankhula Chichewa, anabwerako akulota m'Chishona. Malume akewo amawatchula kuti sekuru, monga amachitira Ashona, ndipo mawuwo amatuluka mofewa kuposa mmene amatulukira mawu akuti baba. Kapena ndi makutu a Che Haruni amamva choncho. Zotsatira za mayeso anayamba kumva ndi Che Omar. Laputopu anagula ndi Che Omar. Pa chithunzi cha tsiku lomaliza koleji, Che Omar aima pakati atakumbatira mwana, Che Haruni akuoneka phewa ndi khutu limodzi.

Ndiye tsiku la padenga lija ntchito sinapite patali. Nadia anapeza kuti pulogalamu ya seva imene anali nayo inali yoduka, sinatsike yonse, ndipo kuitsitsanso pa data ya foni kukanakhala kuwononga. Anatola foni.

"Ukuimbira ndani?" anafunsa Che Haruni, akutsuka m'manja pakhomo.

"Sekuru. Auze Mazvita wa pakauntala atsitse pa intaneti ya kusitolo, atumize pa fulashi ndi kombi ya mawa."

"Zvishavane yonseyi ilibe intaneti? Mpaka Gweru?"

"Iliko, baba, koma ya sekuru ndi yaulere."

"Kwa Omar kulibe chaulere. Ngakhale moni wake amadzakukumbutsa."

M'mawa mwake Che Haruni anakana kuti wina aliyense apite kurenki, kokwerera maminibasi amene kuno timati makombi. Anavala jekete la Lachisanu n'kupita okha. Kombi ya ku Gweru itafika, kondakitala, amene kuno timamuti hwindi, anatsika ndi jumbo yolemera. Fulashi ija, kanthu kochepa ngati chala, inali itamatidwa ndi tepi pa mwendo wathunthu wa mbuzi.

"Ndani akulandira katundu wa VaOmar a butchala?" anakuwa hwindi. Atawaona Che Haruni akukweza dzanja, anawayang'ana kuyambira kuchisoti mpaka kunsapato. "Mudhara, ndinu amene mumawagwirira ntchito kuno?"

"Aikona!" anatero Che Haruni. "Ndine bambo ake a mwana."

"Mwana uti?"

Che Haruni ananyamula jumboyo n'kuyenda wapansi mpaka ku Maglas, mbuzi ya mlamu wawo ikuwamenya m'bondo njira yonse. Madzulo Abiti Isake ataphika nyamayo, fungo linafika mpaka kwathu, koma Che Haruni anadyera masamba okhaokha. Anati mano akupweteka.

"Mano opweteka pa mbuzi yokha?" anatero mkazi wawo. "Dzulo chimanga chokazinga mumatafuna ngati chigayo."

Tsiku lotsatira Che Haruni anakana makasitomala onse n'kukoka mpando pafupi ndi mwana wawo. Nadia analowetsa fulashi, nadina apa ndi apo, ndipo patapita nthawi panatuluka kabokosi kokhala ndi mabatani awiri. Anadina loyamba, mzere wa seva unabiriwira. Anadina lachiwiri, mzere wa databesi unabiriwiranso. Che Haruni anagwedeza mutu ngati foromani. Magetsi obiriwira amawadziwa, poti chipinda cha mapampu kumgodi chinali chodzaza ndi omwewo. Kenako Nadia anakopera pulogalamu yokonzera masamba m'foda yake, n'kulemba pamwamba mawu akuti lokohositi, amene anati ndi mmene umauzira laputopu kuti isayang'ane kunja, iyang'ane m'mimba mwake momwe.

Panatuluka tsamba loyera, la mzere umodzi wokha.

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti pulogalamu ikulephera kufika ku databesi."

"Paipi yatsekeka?"

"Tinene choncho."

"Ndibweretse tesita yanga ya magetsi?"

"Baba, musandiseketse, mutu ukuwawa."

Analimbana nazo mpaka dzuwa kupendeka. Che Haruni anakwera padenga kukatembenuza sola, anatsika, anapangira mwana tiyi, chinthu chimene mkazi wawo akuti sanachionepo chikwatirane. Nthawi zonse Nadia akasuntha dzanja kulowera kumene kunali foni, maso awo amalitsatira. Koma mwanayo sanaimbe. Anatsegula fayilo ina yodzaza tizilembo, nayenda nayo ndi chala mzere ndi mzere, mpaka anapeza kuti pasiwedi imene analemba mmenemo inali yosiyana ndi imene anapatsa databesi. Anakonza, n'kudinanso.

Tsamba loyera lija linachoka, panabwera tsamba lomulonjera ndi kumufunsa dzina la webusaiti.

Nadia anadumpha, mpando n'kugwa. Che Haruni nawo anaimirira, akuseka mano onse, dzanja atatambasula kuti amugwire chanza mwana wawo ngati mnzawo wa kumgodi. Koma mwanayo anali atatola kale foni.

"Sekuru! Zvaita! Zatheka, sekuru, zayaka!"

Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi, kenako linakakonza chisoti.

Komabe Che Haruni anali atapambana, ndipo amadziwa. Mwana akhala. Lachisanu kumzikiti anauza aliyense amene anaima pafupi kuti m'nyumba mwawo muli seva, ndipo za mmenemo sizituluka kunja. Anawotcherera kachitsulo kokwezera laputopu kuti isamatenthe. Anagwirizananso za soketi, poti inveta yawo inali ndi soketi imodzi yokha ndipo iwo amaifuna nthawi zina powotcherera mawaya. Nadia anawauza bwinobwino kuti, "Databesi ikamalemba, musazule. Ikadukizidwa pakati imasokonezeka, mwina osadzukanso." Iwo anati zimenezo si zachilendo, kumgodi munthu sazimitsa pampu asanakuwe kuti basopa. Ndiye akafuna soketi amagogoda pathebulo, Nadia n'kuimitsa databesi, n'kuimitsa seva, n'kuzimitsa laputopu, iwo n'kuzula. Zimayenda bwino, ndipo Che Haruni amakukonda kugogodako. Kunali ngati kugwira ntchito shifiti imodzi ndi mwana wawo.

Chimene sanafunse n'chakuti webusaiti yoyambayo ikhala ya ndani. M'mutu mwawo ankaganiza za sukulu, mwina sitolo ina ya ku Mandava. Tsiku lina analowa kudzamwa madzi, n'kupeza pathebulo pawo podyera pali nkhope ya Che Omar yodzaza sikirini yonse, ndevu zopesa, epuloni yoyera, mpeni m'manja, akumwetulira.

"Awa akufuna chiyani muno?"

"Ndi webusaiti ya butchala, baba."

"Ntchito yonse ija, ine padenga, inali ya Omar?"

"Nanga ndani wina akanandipatsa ntchito yoyamba? Anthu akaona iyi, ena abwera."

Kuyambira tsikulo mlamu wawo anakhala m'nyumbamo. M'mawa akamatuluka, Che Omar akumwetulira pathebulo. Masana akamalowa, Che Omar aima pafupi ndi firiji ya nyama. Tsamba lina Che Omar ndi galimoto yawo, tsamba lina Che Omar akupereka nyama ku ana amasiye pa Idi. Nadia amawakuza, amawachepetsa, amawasunthira kumanja, amawabwezera kumanzere, n'kufunsa amayi ake kuti, "Mhamha, apa sekuru akuoneka bwino?" Ndipo Abiti Isake amasiya mbale n'kubwera kudzasirira achimwene awo.

"Alamu anga asamukira m'nyumba mwanga," Che Haruni anandidandaulira tsiku lina pampanda. "Lendi salipira, akudya batire langa, ndipo ine ndi amene ndimawapukutira sola. Ukamva kuti munthu wafa ndi mtima, make Sande, usadabwe."

Ndinaseka, iwo sanaseke.

Anayesa njira ina. Madzulo ena anakhala pafupi ndi mwana wawo n'kunena mongocheza kuti nawonso ali ndi bizinesi, ndipo pampu yopentedwa bwino imaoneka bwino pachithunzi kuposa chiwindi cha ng'ombe.

"Ndidzakupangirani, baba, ndikamaliza iyi," anatero Nadia maso ali pa sikirini. "Koma makasitomala anu sayang'ana pa intaneti. Makorokoza amangouzana kuti pitani kwa mudhara wa pansi pa mango."

Mwanayo sananene moipa, ndipo zimene ananenazo zinali zoona. N'chimene chinawawa kwambiri.

Masabata anadutsa, webusaiti inatsala pang'ono kutha. Masamba onse anali atalembedwa, mitengo ya nyama iliyonse, mbiri ya butchala, malo olembapo amene akufuna mbuzi ya ukwati kapena ya sadaka. Nadia ankati sabata yotsatira apita nayo kutauni kukaikweza.

Tsiku limene zinaonongeka kunali kotentha, masana. Korokoza wina dzina lake Never anabweretsa swichi ya pampu yoduka waya, n'kukhala pa tayala pansi pa mango kudikira. Che Haruni analowa m'nyumba ndi kachitsulo kawo kowotcherera, chala atachipinda kale kuti agogode pathebulo. Anapeza foni ili pathebulopo, mawu a Che Omar akumveka chipinda chonse.

"Alamu alowa eti? Fungo la girisi lafika mpaka kuno ku Gweru."

"Ndalowa m'nyumba mwanga," anatero Che Haruni. "Inu mukadali kugulitsa mafupa pa mtengo wa nyama?"

"Mafupa omwewo ndi amene analera injiniya wathuyu! Nadia, mwanangu, tamvera. Pansi pa tsamba lililonse ulembepo kuti yamangidwa ndi mwana wathu Nadia, wa pa banja la Omar. Anthu a ku Gweru adziwe kuti pakhomo pano sitidula nyama yokha, mitu iliponso."

"Sekuru imi!" Nadia anaseka, koma zala zake zinali zikulemba.

Chingerezi cha Che Haruni ndi cha pa zikwangwani za kumgodi, koma chinakwana. Anawerenga ataimirira kumbuyo kwa mwana wawo. Dzina la Nadia linalipo, la Omar linalipo. Anayang'ana mzere wonsewo mpaka kumapeto, n'kubwereranso poyambira.

"Ndikufuna soketi," anatero.

"Mirai, baba, dikirani, ikusunga."

"Kasitomala akudikira."

"Pang'ono pokha, baba, ndimalize kaye izi, kenako ndiimitse data..."

Chala chopinda chija sichinagogode. Che Haruni anawerama, nagwira pulagi, n'kuzula.

Sikirini inada. M'chipindamo munangotsala mawu a pafoni. "Halo? Halo? Magetsi a alamu aja athawanso? Ndinanena ine kuti batire la lole si magetsi."

Che Haruni anakoka waya wawo kudzera pawindo n'kutuluka. Pansi pa mango mtovu umangodontha pambali, iwo amene amalumikiza waya ngakhale atatsinzina. Never anawayang'ana n'kunena mokweza, mawu olowa pawindo, kuti, "Musathamange, mudhara, ine sindikufulumira. Pampuyo tiyatsa mawa."

Atabweza soketi, Nadia anayatsa laputopu. Anadina batani loyamba, seva inabiriwira. Anadina lachiwiri, mzere wa databesi unachita chikasu, unaphethira, n'kufiira. Anadinanso, chimodzimodzi. Zithunzi zinalipo ndithu m'foda yake, Che Omar akumwetulirabe mmenemo, koma mawu onse, mitengo yonse ndi kasanjidwe ka masamba zinali m'databesi imene imakana kudzuka. Kope lapadera anali asanasunge. Ankati asunga tsiku lopita kutauni.

Sanalire, sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anakhala pa laputopupo tsiku limenelo ndi lotsatira, akuyesa izi ndi izo, akuwerenga pafoni mpaka data kutha. Bambo ake akalowa amawalonjera mwaulemu wonse, madzi osamba m'manja amawapatsira atagwada, ngati mlendo amene wafika dzulo.

Abiti Isake ndiye sanasunge pakamwa. Anawapeza kuseri akupala chitsulo chimene sichimafuna kupala.

"Bambo a Nadia, mwachita chiyani?"

"Ndimafuna soketi."

"Musandinamize ine, ndinali pakhomo pa khitchini. Achimwene anga ndi apakamwa, ndikudziwa, ndinakula nawo. Koma inu munthu wamkulu, wa imvi, kulimbana ndi chithunzi?"

"Si chithunzi. Analemba kuti wa pa banja la Omar. M'nyumba mwanga, pa moto wanga."

"Analemba m'laputopu mmene palibe munthu akuona koma inu nokha! Si mwauza mzikiti wonse kuti za mmenemo sizituluka kunja? Mwanayo amangowasangalatsa malume ake. Akanafufuta asanakweze."

Che Haruni anasiya kupala. "Akanafufuta? Wakuuza choncho?"

Abiti Isake anangotembenuka. Anatola beseni lake n'kulowa.

M'mawa mwake, anthu asanadzuke bwino, Che Haruni anamasula inveta n'kuikapo soketi yachiwiri, ntchito imene akanaigwira kalekale akanafuna. Anaipukuta, anaibwezera pansi pa thebulo poonekera. Nadia anaiona potuluka kuchipinda. M'manja anali ndi chikwama.

"Aphunzitsi anga aku koleji akuti mwina angaidzutse," anatero. "Koma pafunika ndikhale nawo, ndi intaneti yokwanira."

"Ndaika soketi ina. Yako ndi yako, palibe adzaikhudza."

"Ndaona, baba. Mwaika bwino."

"Ndiye ukakonzetsa ubwera?"

Nadia anayang'ana pansi. Chichewa chake chimakhala chosakaniza, koma apa analankhula choyera, pang'onopang'ono, ngati anachikonzekera. "Soketi sinali vuto, baba. Ine sindingagwire ntchito diso limodzi lili pa sikirini, lina lili pa dzanja lanu."

Che Haruni anamunyamulira chikwama mpaka kurenki. Njira yonse anamuuza za laputopu, kuti asaiike padzuwa, kuti aziipukuta fumbi kumene imapumira, kuti waya wake wayamba kusupuka pafupi ndi pulagi ndipo iwo aukulunga tepi. Kombi itadzaza, mwanayo anabaibitsa pawindo, ndipo iwo anaima pomwepo mpaka fumbi litakhazikika.

Papita miyezi tsopano. Nadia amaimbira amayi ake, ndipo bambo ake amawapatsa moni kudzera mwa amayiwo. Databesi ija akuti inadzuka, koma theka, zina analembanso. Webusaiti ya butchala inakwezedwa, ndipo akuti masitolo ena a ku Gweru ayamba kumufuna mwanayo. Amayi a pa mzere wathu tinaionera pafoni ya Abiti Isake, tonse titaunjikana. Che Haruni anakana kuiona. Anati maso awo sagwirizana ndi tizilembo ta pafoni. Koma atadutsa pafupi anafunsa mkazi wawo, nkhope atayang'ana kumbali, kuti pansi pa tsambalo palembedwa chiyani. Abiti Isake anati, "Bwerani mudziwerengere nokha." Sanabwere, ndipo sanafunsenso.

Ntchito pansi pa mango ikuyenda monga kale. Makorokoza akubwera, masitovu akubwera. Chasintha n'chakuti mwezi wathawu munthu wina, Arnold, amene amagula zinthu zakale za m'maofesi, anabwera ndi jenereta yakufa. Che Haruni anaidzutsa, ndipo m'malo mwa malipiro analoza kompyuta ina yakale imene inali kumbuyo kwa lole ya Arnold, ya bokosi lalikulu lotuwa ndi sikirini yolemera ngati mwana wa ng'ombe. Anaimasula yonse, anaipukuta ndi burashi ya mano, anaiuzira fumbi ndi pampu ya njinga. Inayaka. Anaiika m'chipinda cha Nadia, pa thebulo limene anawotcherera okha, ndi batire lake lapadera limene silikumana ndi la zida zawo. Amalowa mmenemo, amaiyatsa, amaiyang'ana, n'kuizimitsa bwinobwino mmene anaonera mwana wawo akuchitira. Kupitirira pamenepo sadziwa podina.

Ndinawauza kuti ndikulemba za iwo, ndipo sanakane. Anangoti ndisawonjezere msinkhu wa Che Omar. Dzulo ndikuyanika matewera a Sande anabwera pampanda, akupotokola kawaya m'manja, n'kuyamba ndi nkhani ya mvula imene yachedwa. Kenako anatsitsa mawu.

"Make Sande, iwe ndi Nadia mumacheza pafoni, eti? Tandifunsira. Umufunse ngati kaseva kaja kangalowe m'kompyuta yakale, ya bokosi, ndi chimene munthu amayamba kudina. Ufunse ngati ndi iwe ukufuna kudziwa, usanene kuti ndakutuma. Akafunsa kuti kompyutayo ili kuti, ndiye umuuze, koma ayambe wafunsa yekha. Ndipo uimbe nthawi ya swala ya masana, Omar ali kumzikiti."